Mbale yanu pa tebulo la pawindo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ndipo chifuwa chija chinatha. Kuno tilipo.

Loweruka ine ndi alamu anu tinatenga abambo kukadya nkhomaliro ku lesitilanti yakalekale ija ya m'mbali mwa msewu, kumene ankaima nanu akuyendetsa lole. Njira yonse mtima wanga unali m'mwamba, kuopa kuti achita chizungulire. Koma titangofika anayenda okha mpaka pa tebulo la pawindo.

Anaitanitsa mbale zinayi, ife tili atatu. Nditafunsa anati, "Inayo ndi ya mnyamata wanga, wapita kukasamba m'manja. Amachedwa ameneyo, amasewera ndi sopo." Alamu anu anangoyang'ana pansi. Abambo anavindikira mbale yanuyo kuti chakudya chisazizire, ndipo maso awo anali pakhomo mpaka tinanyamuka.

Mwina kunali kutopa chabe, paja mumati ndimadandaula msanga. Koma tsiku lonse dzina langa sanalitchule. Lanu akulidziwabe. Sindikukukakamizani, ndikudziwa kuti ntchito ndi yovuta kusiya, koma chonde musachedwe kwambiri ndi sopoyo.

Ndine mlongo wanu amene amakukumbukani nthawi zonse.