Mfuti ya eni sindikwera nayo matatu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Balakako. Ine kuno ku Nairobi ndili bwino, chifuwa chija chinatha.

Koma ku kalabu yowombera chandamale kumene ndimatsuka mfuti kwavuta. Abwana ena a ku Hurlingham anagula zida zosinthira kamfuti kawo kuti kazilandira tizipolopolo take kuchokera pa lamba. Chiikireni zidazo sikanagwirepo bwino. Kakalira kawiri katatu, lamba amakakamira. Ndinachotsa mwaye wonse, ndinachepetsa mafuta, tinayesa zipolopolo za mtundu wina, koma ayi ndithu.

Loweruka lapitali anzawo atawaseka, anapsa mtima. Anati, "Iwe Mmalawi, tenga ukakonzere kwanu, Lolemba kabwere kakugwira ntchito."

Ndinayankha mofatsa kuti, "Bwana, ine ndimakhala ku Kawangware, ndimakwera minibasi zija za matatu. Apolisi akatsegula chikwama changa ndiwaonetsa chiphaso cha ndani?"

"Ungowatchulira dzina langa."

"Dzina lanu silingagone m'chitokosi, bwana. Wogonamo ndine."

Anakandinenera kwa akuluakulu a kalabu kuti ndine wamwano, moti andiitana Lachinayi. Mwina ntchito ithera pomwepo, koma sindikapepesa. Akafuna, ndipitiriza kufufuza vutolo pa tebulo la kalabu, onse akuona. Kutuluka nako pageti ndiye ndakana.

Amayi musawauze kaye, angadwale ndi maganizo. Mundipempherere, ndiponso dimba langa musabwereketse chaka chino. Akandichotsa ndibwera ndekha pa basi, osati pakati pa apolisi.

Ambuye akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Lameki