Zamaso Awiri za M'thanki Yachinayi

Lolemba, 3 Febuluwale, Mar Bravo

Kamaroni, nkhanu za m'nyanja zimene timaweta kuno, zazikazi zatsopano, 120. Zazitali ngati chikhatho changa, ndevu kuposa thupi. Thanki yachinayi. Ntchito yomweyo ya zaka 14: kugwira, kupana diso limodzi ndi chopanira chamoto, kubwezera m'madzi. Ikatero imaikira mazira msanga, mosapuma. Lero nditafika pa 108 dzanja linakana. Zotsala 12 ndaziponya m'madzi ndi maso onse. Sindinauze munthu. M'buku la ntchito ndalemba kuti zodulidwa diso ndi 120. Bodza langa loyamba m'menemo.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Bwana Tomalá abwera ndi thumba la ufa woyera. Vitamini C. Masupuni 3 pa kilo ya nsomba zoduladula, n'kupaka mafuta kuti usasungunuke m'madzi. Akuti umalimbitsa chitetezo cha m'thupi. "Ufa uwu ndi dokotala, mayi Ercilia. Inu zidyetseni, zibereke. Eni madamu akudikira tiana." Bwana atatuluka, Zoila wa thanki yachitatu akutafuna nthochi yake yokazinga: "Nanenso andigawireko. Ana 7 ndinabereka ine, supuni ndi imodzi yomwe osaiona."

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Mazira ambiri. M'chipinda cha mathanki mdima ngakhale dzuwa lili paliwombo. Tochi yofiira basi, kuyankhula monong'ona. Zodulidwa zimazungulira mbali imodzi, zonse, osapumira. 12 zija sizizungulira. Zimakhala pansi, mbali imene ndaima ine. Ndinasamukira kukhoma linalo. Nditaunika, nazo zili komweko.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Zafa 9, zonse zadiso limodzi. Zigoba zofewa, timadontho toyera pamutu. Bwana akuti ufa tiwonjeze, masupuni 6. Zoila: "Mwali, munthu um'kolowole diso m'mawa, madzulo um'patse lalanje?" Anaseka yekha. Kenaka anadzilemba mtanda.

Lolemba, 17 Febuluwale

Loweruka zafa 31. Lamulungu 22. Pamodzi ndi 9 zija, 62. Zikanatsala 58. Ndawerenga katatu: 51. Zamoyo zimadya zakufa, ndikudziwa. Koma mchira umatsala, kapena ndevu. Ndasefa madzi apansi, palibe kanthu. 12 zija zanenepa. Dontho loyera zilibe n'limodzi lomwe. Chakudya sindinadye lero, mpunga ndabwerera nawo.

Lachinayi, 20 Febuluwale

Zatsala 12. Bwana awerenga okha ndi tochi. "Maso awiri? Mayi Ercilia, inu?" Sanakalipe. Anangoti, "Chabwino, ufa wagwira ntchito pa izi." Ndinafuna kunena kuti zonse zinadya ufa womwewo, mbale yomweyo. Ali pakhomo: "Mawa m'mawa muzidule, tiana tikufunika. Mukakana, chopanira mum'patse Zoila, inu mukapume kwanu." Zoila tikuvula nsapato zamphira: "Ine ayi, mwali. Zimenezo zimadziwa iwe. Ine zikandiona zimatembenuka." Ndiye waona nayenso.

Lachisanu, 21 Febuluwale

6:40 m'mawa. Chopanira pamoto. Zinzake zinakhala masiku 17 chiziduleni. Izi ndikazidula, pofika 10 Malichi zidzakhala zitafa. Ndawerenga pakalendala ya kukhoma. Ndikapanda kudula, zaka 14 zathera pano, ndipo ku Mar Bravo nkhani siichedwa, palibe adzandilembe ntchito.

Ndalowetsa dzanja m'madzi. Kamaroni imathawa dzanja, imadumpha chammbuyo, nthawi zonse. Izi ayi. Zasonkhana. Yaikulu pa zonsezo yakwera yokha m'chikhatho, yagona. Yozizira, yolemera. Maso onse awiri pa ine.

Ndaibwezera. Moto ndazimitsa. Chopanira chili m'thumba la epuloni, chikanali chofunda.

7:05. Galimoto ya bwana pageti. Zonse 12 zatembenukira kukhomo, ine ndisanamve ngakhale kulira kwa injini.