Zala za Tadala

Lachiwiri, 10 koloko m'mawa, kuno ku Bin Omran, kudziko la eni

Mwana wanga Yohane,

Uli bwanji pamodzi ndi ana kumudziko? Ine ndili bwino, koma dzanja lamanjali latupa. Tamva chimene chalitupitsa.

Tadala, mwana wa mlongo wakoyu, waimba piyano ya jazi m'mahotela muno zaka zonsezi, nyimbo akupeka yekha, koma pa positala pamalembedwa dzina la mwamuna wake, Bizaliele wa lipenga uja. Loweruka mlendo wina anaimirira n'kufunsa dzina la mayi wa piyanoyo, anthu n'kumuwombera m'manja. Mlandu wake ndi womwewo basi.

Kutacha ndinamva kukuwa m'fulati mwawo, khomo loyandikana ndi lathu. Ndinapeza Bizaliele akumukwapula Tadala ndi lamba, kuchitsulo kwake, magazi ali chuchuchu m'mphuno. Mwanayo nkhope osaitchinga ayi, manja atawabisa m'khwapa. Chitsirucho chikumukoka mkono, chikuti, "Bweretsa zalazo ndithyole, tione ngati akuwomberenso m'manja!"

Ndinatola lipenga lake lomwelo n'kumukhoma nalo pakamwa, dzino n'kugwera pa matailosi. Akuti, "Agogo, mwandiphera ntchito!" Ine ndinati, "Khalasi, zatha basi, uziimba ndi mphuno."

Tadala ali kwa mayi ake tsopano. Diso latsekeka, koma chala sichinathyoke ndi chimodzi chomwe.

Mulungu akusungeni nonse. Kalatayi upite nayo kwa ankhoswe onse awiri, ukawawerengere mokweza. Amene akanene kuti banja ndi kupirira, abwere kuno ndi zala zake.

Ndine mayi ako,
Nabanda