Funso Limene Linathera Pakati

Lolemba, 9 Okutobala
Lachinayi ndikachitira umboni mchimwene wanga Oronzo. Akuti ndiye anatentha mitengo ya maolivi ya Pantaleo, woyandikana naye munda. Bodza. Tsikulo anali pabwalo panga kuyambira m'mawa, tikuphika tomato wa m'mabotolo. Manja ake ofiira mpaka m'zigongono.

Lachiwiri, 10
Kwa loya wathu, mayi Stefanelli. Aafupi, ndudu pakamwa. Ndawauza zimene amadziwa Oronzo yekha: miyezi isanu ndi itatu m'chipatala cha odwala maganizo, mwamuna wanga atamwalira mu 2009. Mudzi wonse tinauuza kuti ndinali kwa azakhali ku Torino. Ngakhale mwana wanga Ilenia tinamuuza zomwezo. Koma mkazi wa Pantaleo ankakolopa m'chipatalamo.
Akuti loya wa Pantaleo akhoza kuzifunsa, kuti ndioneke wosokonezeka mutu. Ndikangowaona mayi Stefanelli akudzuka, nditseke pakamwa mpaka woweruza agamule. "Mukayankha ndisanaime, mayi, ndilibenso chotsutsa."

Lachitatu, 11
Ilenia wabwera kuchokera ku Bari. Akufuna akakhale kutsogolo m'khoti. Chakudya chandikanika.

Lachinayi, 12
Zatha.
Loya wa Pantaleo uja anayamba mofatsa. Kenako anati si zoona kodi kuti Oronzo anachokapo masana? Mayi Stefanelli anadzuka, akuti akundiika mawu m'kamwa. Woweruza anawakanira, akuti ine si mboni ya loyayo, ndiye atha kufunsa choncho. Ndinayankha kuti sanachoke. Koma mtima unali utagwa. Kani amathanso kuwakanira?
Ndiye loya uja anatembenuza pepala. "Mayi, mu 2009 munagonekedwa ku..."
Mpando wa mayi Stefanelli unagwa. "Ndikutsutsa! Mlandu uno ndi wa moto, si wa moyo wa mboni."
Loya wa Pantaleo akuti khoti liyenera kudziwa ngati ndimakumbukira bwino zinthu. Woweruza, mayi wa imvi, anamufunsa ngati ali ndi kalata ya dokotala yonena za mutu wanga lero. Analibe. Funso lakanidwa, apitirize zina. Ine lilime ndinali nditaliluma mpaka magazi.
Sindinacheuke kuyang'ana Ilenia.

Lachisanu, 27
Oronzo alibe mlandu. Analira pamasitepe a khoti, bambo wamkulu ngati uja. Atapukuta mphuno akuti, "Chemwali, loya wathuyu amalumpha kuposa mbuzi yanga." Ndaseka mpaka nthiti kuwawa. Tadya nsomba, tamwa vinyo wake wowawasa uja, ndipo ndamuyamikira. Pantaleo watipitirira pamsewu, maso pansi. Mitengo yake inapsadi, yobzala agogo ake. Ndamumvera chisoni pang'ono.

Loweruka, 28
Milungu iwiri, Ilenia sanafunse kanthu. Amangonditsukira mbale, kundiyang'ana cham'mbali. Anamva theka la funso, ndipo si wopusa.
Ndateleka khofi, makapu awiri. M'khitchini muno mulibe wodzuka kuti atsutse, ndipo sindikumufuna. Ndamuitana Ilenia. Akutsika.