Mkazi Mnzanga Wachitsulo

Kaunda Square, Lusaka

Okondedwa Asisi Bethany,

Muli bwanji kumeneko ku Chipata? Bondo la alamu linaleka kutupa? Ife kuno tili bwino m'thupi. Zamumtima ndi zomwe ndalembera kalatayi.

Paja ndinakuuzani kuti mundikonzere mphasa, ndikubwera kudzakhala kwanu. Mverani mmene zinayambira.

Atawachotsa ntchito kufakitale, Ba Kalenga, bambo akunyumba kuno, anagula makina akale osemera zitsulo, aja amazunguza chitsulo mpeni n'kumachipala. Makinawo anabwera pa lole ngati mkwatibwi. Amuna anawakankha pa mapaipi mpaka m'kashedi ka kuseri, bambo ali patsogolo kufuula kuti pole pole, mwamupweteka. Ine pobwera pakhomo pano ndinakwera minibasi.

Anawathirira konkire yawoyawo, n'kumaitsirira madzi m'mawa uliwonse. Itauma, anayamba kugwada. Amaika levulo pamsana pa makinawo, kuyang'ana kathovu ka mkati, kupotoza bawuti la kumwendo pang'ono, kulowetsa kachitsulo kopyapyala pansi, kuyang'ananso. Ati makina akapendama ngakhale ngati tsitsi, amasema chitsulo mbali ina chonenepa, ina chowonda.

Asisi, bedi lathu mukulidziwa. Mwendo unathyoka mwana wathu Lubuto asanabadwe, ndipo mpaka wayamba sukulu tikugonera njerwa yochirikiza bedilo. Ine kupendama zaka zonsezo palibe anabwera ndi levulo.

Ndinapirira. Koma tsiku lina ndinapeza makinawo atafunda chitenje chija munandiveka paukwati. Nditafunsa, anangoti fumbi ya mu Lusaka ni yoipa maningi, kunalibe chinangu chofundisa makina. Nsanje inandigwira, sindibisa. Akanakhala mkazi wamoyo bwenzi nditamukoka tsitsi, nanga chitsulo ungachitani?

Iwo atapita kutauni, ndinatenga sipanala n'kupotoza bawuti limodzi la kumwendo. Pang'ono pokha. Ndinabwezerapo chitenje, mtima uli mbee.

Mawa lake anayesa makinawo koyamba. Anasema chitsulo chachifupi, anayeza uku, anayeza uku, ndipo nkhope inagwa. Ine ndimayembekeza kuti atukwana makinawo, ndisangalale. Ayi ndithu. Anakhala pakhomo la shedi n'kunena kuti makina yalibe mulandu, ni menso yao yasila mphamvu, mwina ba kufakitale benze bwino kubachosa. Chakudya sanachikhudze.

Ndinatola chitsulocho kuti ndione chomwe chaliza munthu wamkulu. Ndinafunsa kuti n'cha kasitomala uti. Anati si cha kasitomala, ni mwendo wa bedi. Ati anayeza njerwa ija kalekale, ndipo analumbira kuti chinthu choyamba kutuluka pa makinawo chikhala chimenecho, koma safuna kundipatsa chokhota.

Manyazi ake, Asisi! Ndinangoima ngati mtengo.

Kenako anandipempha kuti, poti maso anga akadali akuthwa, ndiwayang'anire kathovu iwo akupotoza. Ndinagwada pambali pa mkazi mnzangayo. Anayesa bawuti loyamba, lachiwiri. Atagwira lachitatu ndinafulumira kunena kuti ndi lomwelo, alibweze kumanzere. Vuto lake, levulo anali asanaiike n'komwe.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe. Anangondipatsa sipanala, ati popeza ndikuidziwa njira, ndibweze ndekha.

Lero bedi laima pa mwendo wachitsulo wonyezimira, njerwa ija ikutchinga chitseko cha nkhuku. Koma musaganize kuti ndapola. Atamanga mwendowo anausisita, n'kundifunsa ngati ndaona mmene asemela mukazi uyu. Mukazi, Asisi! Pakamwa pawo pomwe.

Choncho mphasa ija pindani, sindibwera. Ndikachoka ine, uyu atsala yekha pakhomo, ndipo chimenecho sindingalole.

Pempho langa ndi limodzi. Chitenje chija chadzaza girisi, ndamusiyira. Munditumizire china ndi basi ya Loweruka, koma chikhale chokongola kuposa chake.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Lubuto akuti mubwere mudzadumphe pa bedi, silikugwedezekanso. Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Winifred, mkazi wamkulu wa Ba Kalenga