Zomwe Ndinabisa Pansi pa Dengu

Okondedwa achemwali,

Landirani moni wanga. Mwadzuka bwanji inu ndi alamu anga? Bondo la amayi likuwalola kuyenda masiku ano, kapena akungolikalipira ali khale pakhonde? Nanga ana onse? Ine kuno ndadzuka. Kalatayi ndikulemba m'mamawa, ndisanasese n'komwe, tiyi akuzizira pambali panga.

Kale ndikanayamba ndi nkhani za mvula ndi za nsapato zanga zong'ambika, nkhani yeniyeni n'kuifinyira pansi penipeni pa pepala, pomwe malo atha. Lero ayi. Achemwali, khalani pansi. Ndili ndi chotupa m'bere la kumanzere. Achipima kuchipatala chachikulu ndipo akuti ndi khansa. Andipanga opaleshoni pa 19 mwezi wamawa. Dokotala akuti sinafalikire kwina ndipo chiyembekezo chilipo chachikulu, koma bere lonse lichotsedwa.

Basi, ndanena.

Mufunsa kuti bwanji osangoimba foni. Ndayesa katatu konse. Ndikangomva mawu anu pakamwa panga pamasanduka pa nthabwala. Tsiku lija ndinakusungani nthawi yaitali ndikufunsa za nkhuku zanu imodziimodzi, mpaka munandifunsa ngati ndayamba ntchito ya ulangizi wa ziweto, ndinali nditaimbira nkhani imeneyi. Nditadula foni ndinadzitukwana ndekha.

Ndipo mufunsanso kuti ndinadziwa liti. Apa ndiye pamene mundikalipire, ndipo muli ndi ufulu. Ndinachigwira koyamba miyezi isanu ndi inayi yapitayo ndikusamba. Chinali kakang'ono ngati batani la malaya, chosapweteka. Ndinati ndi mafuta chabe, chiphwa chokha. Patapita miyezi iwiri ndinapita kukachipatala kakang'ono ka kufupi ndi kuntchito. Nesi wa kumeneko anachigwira, nkhope yake n'kusintha, ndipo anandilembera kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu. Anandiuza kuti sabata imeneyo isathe. Ine ndinathokoza mwaulemu, kalatayo n'kuipinda kanayi, n'kukaiika mu dirowa ya makina anga osokera, pansi pa mabobini ndi masingano othyoka.

Inakhala mmenemo miyezi isanu ndi iwiri. Sabata yoyamba ndinati tili ndi mayunifolomu a sukulu. Yachiwiri ndinati kukuzizira, pamzere wa kuchipatala ndikatengako chimfine. Kenako inafika nyengo ya maukwati. Zifukwa sindinasowepo ngakhale tsiku limodzi. Mukuwakumbuka malemu bambo ndi chitseko cha kukhitchini chija? Chinakhala chotsamira khoma zaka zisanu ndi chimodzi, misomali ili m'thumba la jekete lawo, iwo akungoti tidzaona mawa. Tinkawaseka ine ndi inu. Sindinkadziwa kuti ine ndiye ndinatengera magazi amenewo osasiyako ndi dontho lomwe.

Kuti mumvetse mmene ndinapezekera kuchipatala, ndikuuzeni za kuntchito. Timasoka anthu anayi m'chipinda chachitali cha zenera limodzi, kuseri kwa sitolo ya penti. Mwini wake timangowatchula kuti Mayi Sizasi, chifukwa sizasi yawo imalendewera pakhosi ndi chingwe kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Ndi mayi wamfupi, wa mawu ochepa, ndipo akakuyang'ana pamwamba pa magalasi umakumbukira machimo ako onse.

Telala aliyense ali ndi dengu lake la ntchito pambali pa makina. Tsono mayiwa ali ndi kachitidwe kawo. M'mawa uliwonse, tisanakhudze ulusi, amadutsa pa aliyense, kunyamula dengu n'kulitembenuzira patebulo. Chimene chinali pansi penipeni ndicho chimabwera pamwamba, ndipo chimenecho ndiye uyambe nacho. Amati palibe telala amene amakwirira ntchito yoikonda. Chili pansi ndi chimene ukuchiopa, ndipo uchigwire m'mawa maso asanatope, makasitomala asanayambe kulowa ndi nkhani zawo.

Nditangoyamba ntchito khalidweli linkandinyansa. Ine ndinazolowera kuyamba ndi zofewa: mipendero ya masiketi, mabatani, zipi ya thalauza, kuti manja atenthe kaye. Dzuwa likamapendeka ndimaoneka ngati ndagwira ntchito yambiri, chonsecho chachikulu chili phee pansi. Ndikukumbuka jekete la suti la mphunzitsi wina, lofunika kufupikitsa mikono kuchokera m'mapewa. Ntchito imeneyo umamasula msoko wonse, nsalu ya m'kati yomwe, ndipo ukalakwitsa pang'ono munthu amaoneka ngati wasenza thumba phewa limodzi. Ndinalizemba masiku atatu polibisa pansi pa tebulo. Atalipeza anangoliika pa makina anga osanena kanthu. Isanakwane 10 koloko linali litatha. Masiku atatu a kuda nkhawa, ntchito ya maola awiri ndi theka!

Mnzanga wa makina oyandikana ndi anga timamutchula Abusa, chifukwa amasoka akuimba nyimbo za kutchalitchi. Iyeyu anadziyesa wochenjera, n'kuyamba kuika zovuta pakati pa dengu kuti zisakhale pansi kapena pamwamba. Zinamuyendera masiku awiri okha. Tsiku lachitatu mayi aja atatembenuza dengu anapisa dzanja pakati, n'kutulutsa thalauza lachikopa limene Abusa ankalithawa, n'kuwafunsa ngati m'nyimbo zawozo mulibe ina yonena za chinyengo. Tinaseka mpaka misozi.

M'kupita kwa nthawi ndinazolowera, mpaka ndinayamba kunyada nazo. Masana ankandipepukira. Loweruka kunyumba ndinkayamba ndi kuchapa mabulangete, timipango pambuyo. Ndinafika polangiza anzanga a pamalo pomwe ndimakhala kuti aziyamba ndi chovuta. Ine amene! Ndikulangiza anthu, kalata ija ili mu dirowa, pakuti dirowa satembenuza. Tsiku lililonse ndikamatenga bobini ndinkaona ngodya yake, n'kutseka msanga.

Lolemba lina masana kunabwera amakanika odzatsuka makina ndi kuthira oilo. Anati tichotse zonse za m'madirowa. Ine ndinatola pepala lija mofulumira kuti wina asalione, n'kulikankhira m'dengu langa pansi penipeni, ndili ndi maganizo oti ndilichotsa poweruka. Madzulo kunabwera mayi wina wodzayesa diresi, wamakani pa kutalika kwake, ndipo pomwe tinkatseka mutu wanga unali uli kwina.

Lachiwiri m'mawa dengu linatembenuzidwa monga mwa masiku onse. Pamwamba pa mulu wa nsalu panagwa pepala langa, chidindo cha chipatala chikuonekera. Mayi Sizasi anaganiza kuti ndi miyezo ya kasitomala, ndiye analifunyulula. Ndinawaona akuwerenga, kenako chala chawo chinaima pa deti. Ndinkadikira kukalipiridwa pamaso pa anzanga, koma anangondifunsa motsitsa mawu kuti ntchito iyi ndi ya ndani. Ndinati ndi yanga. Anati ndiye yabwera pamwamba, ndiyambe nayo.

Ndinayesa kukana, mukundidziwa. Ndinati pali madiresi asanu ndi limodzi a operekeza mkwatibwi ofunika Loweruka, ndipita Lolemba ukwati ukadutsa. Anawerama, kuvula lamba wa makina anga, n'kumuponya m'chikwama chawo. Madiresi aja anawagawira anzanga atatu, awiriawiri, ndipo Abusa sanadandaule ngakhale pang'ono, nyimbo yokha ndiyo inaleka. Kenako anandigwira pamkono mpaka pokwerera basi. Ndinkaganiza kuti andisiya pamenepo. Anakwera nane.

Pageti la chipatala mlonda anawauza kuti chitsulo chakuthwa sichilowa. Anakangana naye pang'ono, kenako anavula sizasi ija n'kumusiyira, atamuchenjeza kuti asayerekeze kudulira pepala kapena zikhadabo. Aka kanali koyamba kuwaona khosi lili lokha. Anakhala nane pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, dzanja lawo likungofufuza pachifuwa pomwe pamakhala sizasi. Nthawi ina anangonena kuti mng'ono wawo anali waluso pa makina kuposa ife tonse, ndipo naye ankati adzapita ntchito ikachepa. Ndinamva ndekha kuti mng'ono wawoyo anatisiya.

Dokotala wake ndi mtsikana ndithu, mwina wamng'ono kwa ine. Anayang'ana deti la pakalata, n'kundiyang'ana ine. Anatengako kanyama kokapima, ndipo patatha masabata awiri anandiitana. Ndinamufunsa ndekha kuti zikanakhala bwanji ndikanabwera nthawi ija. Sanandibisire. Anati mwina akanangochotsa chotupa chokhacho, bere n'kulisiya. Tsopano chakula ngati bobini yodzaza ulusi, ndiye sangachitire mwina. Sanandidzudzule, ndipo zimenezo ndiye zinandipweteka kwambiri. Akanandikalipira bwenzi nditapeza womukwiyira.

Achemwali, ndinalira. Sindinalire chifukwa cha mantha okha, ndinalira ndi mkwiyo. Palibe anandiletsa kupita. Basi imadutsa pakhomo penipeni pa shopu yathu. Ndadulitsa chiwalo changa chifukwa cha mayunifolomu ndi madiresi a anthu amene sakumbukira n'komwe nkhope yanga. Izi ndazivomereza, ndipo sindikufuna kuti wina azindinyengerera kuti sindinalakwe.

Koma musaganize kuti ndagona pansi. Ndikudya bwino, ndikupita kuntchito, lamba wa makina anandibwezera. M'mawa uliwonse ndikangodzuka ndimadzifunsa kuti chimene sindikufuna kuchita lero n'chiyani, ndiye ndimayamba nacho. Tsiku lina kunali kukapimitsa magazi. Lina kunali kusaina mapepala a opaleshoni. Dzulo kunali kudzisokera mabulauzi awiri a mabatani kutsogolo, chifukwa nesi wati mkono sudzatha kukwera m'mwamba kwa masabata angapo. Mbali ya kumanzere ndaikako kathumba m'kati koikamo thonje. Ndayeza anthu ambirimbiri pa moyo wanga, koma kudziyeza ndekha pachifuwa dzulo kunandivuta. Mabulauziwo atuluka bwino koma, limodzi la buluu, lina la timaluwa.

Zina za kuno ndi zazing'ono. Mpopi wa pabwalo ukutulutsa madzi mwa apo ndi apo, moti timatunga pamzere. Denga la chipinda changa lasiya kudontha, eni nyumba anabwera kudzamata. Mayi woyandikana nane wagula wailesi yatsopano ndipo tonse tikumvera nawo, tifune tisafune.

Amayi musawauze. Si kuti ndikubisa, koma katundu ameneyo ndi wanga, sindikusenzetsani. Lamlungu likubwerali m'mawa, kalatayi itakufikani, ndidzaimba ndekha ndipo ndidzayamba ndi mawu omwewa, osafunsa za nkhuku. Ndikatha kulankhula ndi amayi ndidzalankhula ndi mwana wanga amene mukundisungirayo. Wakula tsopano, zaka khumi ndi zitatu si za munthu womunamiza, ndipo m'nyumba mwanumo ndi iyeyo amene amamva zonong'onezana ngakhale ali kuseri kwa khoma. Ndi bwino amve kwa mayi ake.

Pempho langa ndi limodzi. Pa mapepala a opaleshoni pali mzere wofunsa dzina la munthu wodzandidikirira. Mayi Sizasi anadzipereka, ndipo ndinawathokoza, koma cholembera chitafika pamzerewo chinalemba dzina lanu. Ndinalemba osakupemphani, mundikhululukire. Ndikudziwa kuti muli ndi ana, muli ndi amayi, muli ndi kumunda, ndiponso simunayendepo ulendo wautali chonchi. Adalaivala amene akubweretserani kalatayi adzadutsanso kwanuko pa 16 mwezi wamawa, ndipo alonjeza kukusungirani mpando wakutsogolo kuti musadzasanze. Chipinda changa n'chaching'ono koma tidzakwanamo, tinagonapo pa mphasa imodzi zaka zambiri. Ngati mwakwiya nane, bwerani ndi mkwiyo wanuwo mudzandikalipire kuno, ndili chogona sindidzatha kuthawa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti ndikuwabwereka akazi awo masabata atatu okha, sadzafa ndi kudziphikira. Moni kwa amalume ndi azakhali, kwa achimwene ndi alamu athu aakazi, ndi kwa ana onse mmodzimmodzi. Mwana wanga mumufungatireko m'malo mwanga, ngakhale achite manyazi. Amayi muwasisite bondo lija, mungowauza kuti mzime wawo akuwakumbukira.

Nesi wandiuza kuti munthu akamatsitsimuka ku mankhwala ogonetsa amaitana dzina la wina wake, asanadziwe n'komwe kumene ali. Ena akuti amaitana amayi awo, ena amuna awo, ena mpaka amachititsa manyazi abale. Ine ndikudziwa kale amene ndidzamuitane. Chonde, achemwali, mudzakhalepo kuti mudzayankhe.

Ndine mng'ono wanu wosamva uja,
Mzime wa amayi