Khoswe Sakwera Kawiri

Lolemba, 9 Juni

Makoswe anga asiya fodya. Ndati fodya, koma ndi nikotini wa m'jakisoni amene ndakhala ndikuwabaya muno mu labu. Tsopano ndawamana. Theka ndikuwamwetsa madzi a masamba a mankhwala amene ndikufufuza kuti tione ngati nkhawa yosowa fodya ingachepe, enawo madzi wamba. Digiri yanga yonse yagona pamenepa.

Mayeso ake, ndimaika khoswe pa thabwa la m'mwamba longa mtanda. Mikono iwiri ili ndi makoma, iwiri ili pambalambanda. Wankhawa amabisala, wamtima m'malo amatuluka. Vuto n'lakuti khoswe amakwera kamodzi kokha. Kachiwiri amakhala atalizolowera thabwalo, zotsatira n'kukhala zabodza.

Lachiwiri, 10 Juni

A Pulofesa nawonso asiya fodya, molamulidwa ndi akazi awo. Alowa m'chipinda choyesera, ati adzaonerere. Makiyi kulira m'thumba, phazi kugunda pansi, kutsokomola kosatha. Makoswe onse unjii m'makona, a masamba ndi a madzi omwe. Iwo akuti, "Nyamazi zili ndi mantha chonchi bwanji? Mumazigwira bwino, mayi?" Ndangoti eya, bwana. Mumtima ndatukwana.

Lachitatu, 11 Juni

Abweranso. Atafuna chivindikiro cha bolopeni yanga mpaka kuphwanya. Gulu lina la makoswe lapita pachabe. Ndikadakhala ndi mphamvu ndikadawakweza iwowo pathabwa.

Lachinayi, 12 Juni

Atsala makoswe a m'makeji apansi okha. Ndakalilira kuchimbudzi. Kamutu, mnzanga wa tebulo limodzi, akuti ndingowauza atuluke. Kuuza munthu wosainira digiri yako kuti akuopseza makoswe? Kunena n'kosavuta. Wandiyang'ana maso ofiirawa n'kuti, "Chabwino, undisiyire ine madalawo."

Lachisanu, 13 Juni

Kamutu wasiya ndudu ndi machesi pa desiki ya a Pulofesa, ngati waiwala. Ife amene tikufufuza zothandiza anthu kusiya fodya, eti. Manyazi ndachita, koma sindinamuletse. Posakhalitsa ndawaona a Pulofesawo pazenera, kuseri kwa jenereta, akukoka utsi maso ali tsinzinu.

M'chipinda zii. Khoswe woyamba wa masamba watuluka mpaka kunsonga, kusuzumira pansi, kudzipukuta kumaso. Ndinatsala pang'ono kuvina. Otsatira ake chimodzimodzi.

Kenako ndakweza a madzi wamba aja, oyenera kunjenjemera. Nawonso atuluka, mwamatama ndithu, wina mpaka kukhala kunsonga n'kumakanda khutu. Kusiyana palibe ngakhale pang'ono. Nthawi yonseyi ndakhala ndikuwiritsa masamba, kusefa, kununkha ngati sing'anga, chonsecho madzi a pampopi akuchita zomwezo. Ndipo makoswe atha, wokwezanso palibe.

Ndikadali chiimire, a Pulofesa agogoda, koyamba sabata ino, modekha. Alowa akununkha utsi, nkhope ili mwee.

"Ndiye masamba athu akuti bwanji, mayi?"